Amuna Anga Amene Tinawaika ku Malawi

Amuna anga anabwera masana, dzuwa lili paliwombo, ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Panali patatha zaka zingapo titawaika m'manda.

Nkhondo itafika kumudzi kwathu, kufupi ndi Insaca, kutsidya kwa malire a Malawi, asilikali anawagwira kumunda pamodzi ndi amuna ena kuti akawanyamulire katundu. Musandifunse kuti anali a mbali iti, onse ankadya nkhuku zathu mofanana. Ine, amayi ndi ana tinathawira ku Malawi, kumudzi wina kupitirira Nayuchi, kumene eni dziko anatibwereka pomanga. Tili kumeneko kunafika bambo wina wa kwathu amene anapulumuka m'manja mwa asilikali omwewo. Anati anaona mtembo utatsamira mtengo m'mbali mwa njira, utavala jekete la amuna anga, lija la zigamba zofiira m'zigongono. Nkhope sanathe kuiyang'ana chifukwa inali itawonongeka, koma jekete analidziwa. Zigambazo ndinasoka ndine, choncho sindinafunsenso zambiri.

Kwathu munthu akafera kutali mtembo osapezeka, maliro sitiwasiya m'malere. Timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda ngati munthu. Eni mudzi anatipatsa malo kumapeto kwa manda awo. Alaliki a mpingo wathu, nkhalamba yowonda imene inathawa nafe itasenza belu lake la chitsulo cha gudumu la galimoto, anapemphera pamanda paja. Anatchula dzina la amuna anga momveka bwino n'kupereka mzimu wawo kwa Mulungu. Ine anandimeta mpala, kenaka abale a amuna anga anandisudzula. Ndinakhala mayi wamasiye weniweni, palibe mwambo umene unatsala.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu. Tinapeza mudzi uli tchire lokhalokha, mitengo ya mango yokha ndi imene inkatiuza pamene panali nyumba ya yani. Tinamanganso. Tinkayenda m'tinjira tating'ono mondondozana, phazi pamene waponda mnzako, chifukwa cha mabomba okwirira aja timati mina. Moyo unayamba kukhala ngati moyo, ndipo ine ndinali nditazolowera kugona pakati pa mphasa.

Tsiku limenelo munthu anaima kumapeto kwa bwalo osanena odi. Anali wowonda ngati mpini, wopanda nsapato, tsitsi litapotana. Ndinawadziwa ndi kaimidwe, phewa limodzi lotsika. Mpeni unandigwa m'manja. Nkhuku zinapitiriza kutola makoko a chinangwa ngati palibe chachitika, ndipo zinandinyansa kwambiri nkhuku zimenezo.

"Ndinu?" ndinafunsa.

"Ndine."

"Mwachokera kuti?"

Analoza ndi chibwano chakum'mawa. Ndinayamba kudzuka, koma amayi anatuluka m'nyumba n'kundigwira chitenje.

"Mwanawe, khala pansi. Apongozi anga ndinawalira ndi pakamwa panga pompano. Uyo ndi wina."

Amayi moyo wawo wonse anali asanayang'anepo mkamwini wawo kumaso, ankapatukirana ngakhale panjira. Tsiku limenelo anawayang'anitsitsa, poti wakufa alibe chipongozi.

"Bambo, tinakuikani," anatero amayi. "Manda anu ali ku Malawi. Mwana wangayu anameta, anasudzulidwa. M'nyumba muno simungalowe."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena aseka, kapena alira. Iwo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale. Anatembenuka n'kukakhala mumsasa wa kumapeto kwa munda, umene tinkalondereramo anyani.

Mumsasamo ndi mmene anakhala. Chakudya ndinkawaperekera ndine. Ndinkaika mbale pansi chapatali n'kuikankha ndi kamtengo, ngati ndikudyetsa galu wolusa. Amuna anga ndinkawafuna ndi mtima wonse, komanso ndinkawaopa koopsa, ndipo zonse ziwirizi zinali zoona pa nthawi imodzi. Dzanja langa linkakana kuwakhudza. Ndinkaganiza kuti ndikawagwira ndipeza akuzizira.

Nawonso sankandithandiza. Ankatenga khasu n'kulima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osapuma, osapempha madzi, osapukuta thukuta. Munda wathu ukatha ankalowa wa eni ake n'kumangopitirira. Panali tchire lina kuseri kwa chitsime limene aliyense ankaliopa chifukwa mbuzi inaponda bomba n'kuphulikiramo. Tsiku lina masana anthu akuona analowa m'tchiremo, n'kutulukira mbali ina ali bwinobwino atasenza nkhuni. Ndipo panali zinthu ziwiri zimene zinkandiimitsa tsitsi. Akamayenda, dzanja lamanzere linkatsalira kumbuyo litatambasuka pang'ono, ngati wina akulikoka. Akamadya, ankanyema chakudya pakati, theka n'kuliika pansi kumanzere kwawo mosamala, n'kudikira kaye asanayambe kudya lawo.

Amayi a pachitsime, amene aliyense wa iwo ndi katswiri wa za mizukwa ngakhale palibe anaonapo umodzi, anagamula msanga. Anati ndi ndondocha, anthu aja amati anaphedwa m'matsenga n'kumalimira mfiti. Wina anandilangiza kuti ndiwasuzumire m'kamwa ndione ngati lilime lilimo lonse. Ndinamuyankha kuti lake ndi limene likufunika kudula. Koma mawa lake ndinapezeka ndikuyang'ana pakamwa pa amuna anga akutafuna.

Amuna a m'mudzi anayamba kukambirana zowaperekeza kutchire kumene anachokera. Sankanena mokweza, koma ndinkaona akusiya kulankhula ine ndikamadutsa. Ndinadziwa kuti zatsala ziwiri zokha, amuna anga alowe m'nyumba ngati munthu wamoyo, kapena ndiwataye kachiwiri ndikuona ndi maso.

Mpingo wathu unabwera kuchokera ku Malawi uli ndi moto. Anyamata anaphunzira kumeneko kupemphera kotulutsa ziwanda, ndipo musaganize kuti ndikuwanyoza. Ndinaona ndi maso anga mtsikana amene ankauwa ngati galu n'kumadziponya pamoto akupemphereredwa, ndipo lero ndi mayi wa ana ake, amagulitsa tomato pamsika wa Insaca. Ndinkakhulupirira nthawi imeneyo ndipo ndikukhulupirirabe kuti palibe mzimu umene ungakanire dzina la Ambuye. Ndiye anyamata atanena kuti muli chiwanda mwa amuna anga, ndinasangalala. Chiwanda chimatuluka, munthu n'kutsala.

Lamulungu mapemphero atatha anakawatenga kumsasa. Anabwera osakana. Tchalitchi chathu chinali cha mitengo ndi udzu, chopanda chitseko. Anawagwaditsa pakati, ife tonse n'kuwazungulira. Tinaimba, tinaomba m'manja, fumbi linakwera mpaka kudenga. Anyamata anawasanjika manja pamutu, ndipo ndinaona kuti ngakhale iwo ankangokhudza tsitsi lokha.

"Tuluka m'dzina la Ambuye! Tuluka! Ndiwe yani? Tchula dzina lako, tuluka!"

Munthu wa chiwanda amanjenjemera, amagwa, amatuluka thovu, amalankhula ndi mawu achilendo. Amuna anga anangogwada ngati chitsa, dzanja lija lili kumbuyo. Anyamata anakuwa mpaka mawu kusasa. Nyimbo inayamba kufooka, m'modzim'modzi tinasiya kuomba m'manja, mpaka m'tchalitchi munangoti zii. Mukachetechete mmenemo amuna anga anakweza mutu n'kulankhula mofatsa, mwachisoni, ngati akutimvera chifundo.

"Abale, mukuvutika chabe. Mukutulutsa yani? Muno mulibe munthu. Paja munandiika."

Mayi wina anathawira panja n'kusiya nsapato imodzi. Alaliki, amene nthawi yonseyi anali ataima pambali osakuwa nawo, anakhala pansi pa benchi n'kuphimba nkhope ndi manja.

M'mawa mwake alaliki anafika pakhomo pathu. Anakana mpando, anakhala pa mtondo wogona.

"Mayi, talakwitsa pemphero," anatero. "Takhala tikupirikitsa pamene tinayenera kuitana. Munthu uyu ndinamupereka kwa Mulungu ndine, Mulungu asanamuitane. Iye wamva kuti anaperekedwa, ndiye wavomera. Ndinatseka ndi pakamwa panga, ndiyenera kukatsegula pomwe ndinatsekerapo."

Amayi anaomba m'manja kamodzi. "Abambo, mukufuna kukafukula manda? Manda a eni ake, m'dziko la eni ake?"

"Mphamvu yotsegula manda ndilibe, amayi. Ili ndi Mwini wake. Ine ndikangopempha."

Tinanyamuka atatu, alaliki, amuna anga ndi ine, titasenza makasu. Titafika pa njanji tinaitsata mpaka ku Entre Lagos, kumalire, chifukwa pamene pamadutsa sitima ndi pamene tinkakhulupirira kuti palibe chokwiriridwa. Alaliki anali patsogolo, ine pambuyo, amuna anga pakati. Njira yonse ndinkayang'ana dzanja lija, ndipo ndinapezeka ndikusiya mpata waukulu pakati pa iwo ndi ine, wokwana munthu wina.

Pachipata cha malire mlonda anayang'ana makasu athu.

"Nanga makasuwa, minda yanu ili ku Malawi?"

"Tikupita kumanda, bwana," anatero alaliki.

"Pepani. Wamwalira ndani?"

Alaliki sankadziwa kunama. Analoza amuna anga. Mlonda uja anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kutikupizira dzanja kuti tidutse msanga.

Eni manda anatimvera chisoni n'kutilola, koma adzukulu, amene ntchito yawo ndi yokumba manda, anakana kugwira khasu. Anati iwo amadziwa kutsekera anthu, zotsegulira sanaphunzire. Anaima kunja kwa msitu n'kumaonerera. Tinalowa dzuwa lili pamutu, koma m'kati mwa mitengo munali mdima wozizira ndipo nyenje zinkalira mogonthetsa m'khutu. Manda aja tinawapeza atatitimira, mtanda wake chiswe chitadya n'kutsala kamtengo kamodzi.

Alaliki anavula chipewa. Pemphero lawo linali lalifupi, lopanda kukuwa.

"Mulungu, mwini amoyo ndi akufa, pamalo pano tinakupatsani munthu amene simunamuitane. Tinachita mosadziwa. Ngati n'kotheka, tibwezereni."

Anakumba ndi amuna anga okha. Alaliki anayesa pang'ono mpweya n'kuwathera, ine ndinangoima pambali. Ndinaonerera amuna anga akutsika pang'onopang'ono m'manda awo omwe, mpaka m'chiuno, mpaka m'chifuwa, mpaka kungotsala mutu. Pansi pake panalibe nthochi, inali itawola kalekale. Panali dothi lakuda lonyowa ndi tizidutswa ta nsalu ija. Anaponya khasu kunja. Ndinaganiza kuti atuluka. M'malo mwake anakhala pansi, n'kugona chagada, n'kutambasulira dzanja lamanzere pambali, n'kutseka maso.

Nyenje zinasiya kulira. Sindikuti zinasiya chifukwa cha ife, nyenje zimatero, koma zinasiya.

Alaliki anaima pamphepete n'kuwaitana ndi dzina lawo, m'dzina la Ambuye. Amuna anga sanagwedezeke. Anaitananso mokweza. Dothi linkagumuka m'mbali n'kumagwera pachifuwa pawo, iwo osalisasa. Ntchentche inatera pamlomo pawo n'kumayendapo. Nkhope yawo inali itamasuka, yamtendere, mmene ndinali ndisanaionere chibwerereni. Apo ndi pamene mantha anandigwira enieni. Ndinati mumtima, tawabweretsa tokha, tawakumbitsa tokha, ndipo akondwa napo.

Alaliki anatembenukira kwa ine maso ali ofiira.

"Mayi, ine ndatsegula. Kuitana itanani ndinu."

Kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Chikwatirane ndinkawaitana ndi dzina la mwana wathu woyamba, bambo a uje, ndipo dzina lawo lenileni linali lisanatulukepo pakamwa panga. Ndinagwada pa dothi lofukulidwalo. Ndinkafuna kuitana mokoma, mwaulemu, koma chimene chinatuluka ndi mkwiyo. Ndinalitchula dzinalo lonse, lopanda ulemu uliwonse, ngati mmene amayi awo ankawaitanira ali mwana.

"Dzukani! Ndinakulirani kale ine, ndinameta, ndinavala chisoni mpaka chinang'ambika. Mukufuna ndiyambirenso? Dzukani m'menemo, mukundichititsa manyazi kwa eni mudzi!"

Maso anatseguka. Anandiyang'ana kuchokera pansipo, ndipo kanali koyamba kuti andiyang'ane ine osati kuseri kwanga.

"Amayi a mwana, sindili ndekha."

Analankhula ali chigonere, mawu akumveka ngati akuchokera mu mtsuko. Anati asilikali ankawamanga awiriawiri padzanja kuti asathawe. Iwo anamangidwa ndi msodzi wina wa ku Chiuta, Myao, Msilamu. Dzina lake sanalidziwe chifukwa kulankhula kunali koletsedwa, ankangoitanana kuti achimwene. Anayenda pa chingwe chimodzi nyengo yaitali, chakudya chilichonse n'kumagawana pakati. Kenaka miyendo ya mnzawoyo inatupa. Asilikali anadula chingwe n'kumusiya atatsamira mtengo, akadali moyo. Inali nyengo yozizira.

"Ndinamuveka jekete langa," anatero. "Ankati, achimwene, musandisiye pano. Ine ndinapita, asilikali anali atandiloza mfuti. Koma iye sanatsale. Chingwe anadula, koma ndimachimvabe. Alibe pogona munthu ameneyu. Ndikatuluka muno ndekha, apita kuti?"

Alaliki ndiwo anayankha.

"Ndiye kuti maliro tinalira aja anali enieni," anatero. "Dzina ndi limene tinalakwitsa." Anagwada movutikira pafupi ndi ine n'kusuzumira m'dzenjemo. "Mapemphero a kwawo sindiwadziwa, ndipo sindingamusandutse wa mpingo wathu atafa kale. Ulamuliro umenewo sanandipatse. Koma amene anamuumba ndimamudziwa, ndi yemweyo anaumba ife. Manda awa ndi ake. Msiyeni m'menemo."

Kenaka analankhula ndi malo opanda munthu aja, kumanzere kwa amuna anga, mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo pakhomo.

"Achimwene, mwayenda mokwana. Mnzanuyu wakufikitsani. Gonani, Mulungu akulandireni. Mmasuleni apite kwa ana ake."

Sindinaone chilichonse ndipo sindinamve chilichonse, sindikufuna kuwonjezera. Chimene ndinaona ndi dzanja la amuna anga. Linanyamuka pang'onopang'ono pa dothi paja, zala zikutambasuka, n'kubwera kudzagona pachifuwa pawo. Analiyang'ana ngati si lawo. Kenaka anayamba kulira, kulira kwa mwana, pakamwa pali yasa.

Ndinagona chamimba pamphepete n'kutambasula dzanja langa. Analigwira. Linali lotentha, lonyowa ndi thukuta, lodzaza matuza a khasu. Ndinakoka ndi mphamvu zimene sindikudziwa kumene ndinazitenga, alaliki atandigwira miyendo kuti ndisagweremo, mpaka tonse atatu tinagubuduka pa mulu wa dothi. Adzukulu aja ataona kuti amuna anga atuluka anabwera okha, osaitanidwa, n'kutola makasu. Anati tsopano yafika ntchito imene amaidziwa. Anakwirira bwinobwino n'kuumba mtumbira, ndipo pamwamba sitinaikepo mtanda.

Pobwerera amuna anga anadandaula njira yonse. Miyala ya njanji ikuwabaya, dzuwa likuwotcha, msana ukuwawa, ludzu, nanga bwanji sitinatenge madzi okwanira. Ine mwamuna wodandaula sindinkamupirira chibadwire, koma tsiku limenelo ndinkayenda pambali pawo misozi ikutsika, ndikupempha mumtima kuti asasiye.

Poti ndinali nditasudzulidwa, alaliki anatidalitsanso ukwati Lamulungu lotsatira, anyamata aja akuimba mokweza kuposa onse. Amayi atawaona amuna anga akulowa pabwalo anadziphimba kumaso ndi mpango n'kuzemba kuseri kwa nkhokwe. Ena m'mudzi sanasiye kunong'ona mpaka kukalamba kwawo, ndipo amuna anga sanabwerere kukhala munthu wanthabwala amene ndinakwatiwa naye. Masiku ena ankangokhala duu, kuyang'ana kunjira. Koma ankakhala pakhonde la nyumba yawo, ndipo tinaberekanso mwana wamkazi.

Tsiku lina tikupalira chimanga anaima n'kutsamira khasu.

"Kodi ku Malawi kuja munaliradi zenizeni?"

"Ndinalira mpaka mawu kutha," ndinawayankha. "Ndipo musayerekeze kundibwerezetsa msanga."

Anandimvera, anakhala mpaka adzukulu awo kuyamba sukulu. Atadwala matenda awo omaliza ndinakana kuchoka pamphasa. Mpweya utatha, amayi a mumpingo anabwera kudzandigwira kuti nditulukire panja, monga timachitira ndi mkazi wa malemu. Ndinawauza kuti andisiye. Ndinaika dzanja pachifuwa pa amuna anga n'kukhala pomwepo, anthu akudikira pakhomo, mpaka kutentha konse kunatha m'manja mwanga. Ulendo uno sindinafune kuuzidwa ndi munthu.